Liwu Loti "Mphamvu" Lalemedwa: Mawu a Zamagetsi ndi Hadi Disiki m'Chigwa cha Shire

Liwu loti mphamvu ndi limodzi mwa mawu amene amasenza katundu wambiri m'Chichewa. Mfumu ili ndi mphamvu, mankhwala ali ndi mphamvu, ng'ombe yokoka ngolo ili ndi mphamvu, ndipo tiyi akachuluka masamba amati ngwamphamvu. M'ziganizo zonsezi womvera sasokonezeka, pakuti mawu oyandikana nalo amamuuza mphamvu imene ikunenedwa. Vuto limabuka liwuli likalowa m'nkhani za magetsi. Kumeneko olemba ndi omasulira ambiri alisenzetsa zinthu zinayi zosiyana, zimene amisiri amaziyeza ndi miyezo inayi yosiyananso, ndipo wowerenga amasowa podziwira chimene mlembi akutanthauza. Pa babu kapena pa wailesi kusokonezeka kumeneku nthawi zambiri kumangodutsa. Pa hadi disiki, kachipangizo kosunga zolemba zonse za m'kompyuta, kungathe kutayitsa kaundula wa sukulu yathunthu m'kanthawi kochepa.

Nkhani ino ikuunika mawu amene olemba timabuku ta malangizo, akonzi ndi aphunzitsi amagwiritsa ntchito pofotokoza magetsi amene hadi disiki imafuna. Ikusonyeza pamene mawuwo akutsimphina, ndi kupereka maganizo a momwe angakonzedwere popanda kupeka mawu amene palibe munthu angawalankhule.

Chifukwa chosankhira Chikwawa ndi Nsanje

Mawu a zaluso amayesedwa bwino kumalo kumene kulakwitsa kumaluzitsa chuma, ndipo Chigwa cha Shire ndi malo otero. Magetsi ochuluka a dziko la Malawi amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Malo otsirizawa ali m'boma la Chikwawa, kufupi ndi nkhalango ya Majete, pa mathithi omaliza mtsinjewo usanayale m'chigwa. Adayamba kugwira ntchito mu 2000, ndipo makina ake anayi amapanga mamegawati 129.6. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adagumula damu la pamalopo, makina onse adaima, ndipo dziko lidakhala likugawana magetsi otsalawo kwa nthawi yoposa chaka, kufikira makinawo atayambanso mu 2023. Mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy adamizanso madera ambiri a m'chigwachi, monga momwe madzi osefukira adachitira mu 2015 ndi mu 2019. Kuwonjezera apo, m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha ku Nchalo, ku Ngabu ndi ku Bangula kumapitirira madigiri 40.

Kuzimazima kwa magetsi, madzi ndi kutentha ndi adani atatu a hadi disiki, ndipo onse amapezeka m'chigwa chimodzi. Makompyuta atsopano ambiri tsopano amasunga zolemba mu SSD, chipangizo chopanda chilichonse chozungulira. Koma makompyuta ogwiritsidwa kale ntchito amene amafika m'maofesi a sukulu, m'matchalitchi ndi m'timashopu ta anyamata oika nyimbo m'mafoni pa Dyeratu kapena pa Tengani, ambiri mwa iwo akadali ndi hadi disiki. Magetsi a ESCOM akazima, eni ake amathamangira ku batire la sola, ku inveta kapena ku jenereta, ndipo pa nthawi imeneyo ndi pomwe amafuna malangizo omveka.

Palinso nkhani ya chiyankhulo. Lamulo la maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, komabe mphunzitsi akaona kuti ana sakumva amatembenukira ku Chichewa. Ana ambiri a ku Nsanje amalankhula Chisena kunyumba, ndipo ambiri a ku Chikwawa amalankhula Chimang'anja kapena Chisena. Chichewa cha mphunzitsi chikakhala cha mawu osalongosoka, mwana wotere amasokonezeka kawiri.

Zinthu zinayi zimene zabisala m'liwu limodzi

Mkati mwa hadi disiki muli mbale zozungulira zopakidwa zinthu za maginito, mota yozizungulitsa, ndi kamutu kolemba ndi kuwerenga kamene kamayenda pamwamba pa mbalezo. Mbale zimazungulira ka 5,400 kapena ka 7,200 pa mphindi imodzi. Liwiro lachiwirili ndi ka 120 pa sekondi. Kamutuko sikakhudza mbale. Kamayandama pa mpweya umene mbale yozungulira imakoka, pa mpata wochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi la munthu kuwirikiza zikwizikwi. Kuti zonsezi zitheke, disiki imafuna magetsi oyezedwa bwino, ndipo miyezo yake ndi iyi:

(a) *Voteji*, imene imayezedwa m'mavoliti. Ndi kukankha kwa magetsi. Disiki yaikulu ya mainchesi 3.5 imafuna mavoliti 12 a mota ndi mavoliti 5 a timawaya ta pabolodi yake. Disiki yaing'ono ya mainchesi 2.5, ya m'laputopu, imafuna mavoliti 5 okha.

(b) *Karenti*, imene imayezedwa m'maampeya. Ndi kuchuluka kwa magetsi amene akudutsa m'waya. Disiki yaikulu podzuka imakoka pafupifupi maampeya 2 pa waya wa mavoliti 12, ndipo ikafika pa liwiro lake imakoka ochepera ampeya imodzi.

(c) *Mphamvu*, imene imayezedwa m'mawati. Imapezeka pochulukitsa mavoliti ndi maampeya. Disiki yaikulu podzuka imafuna mawati 24 kapena kuposerapo pang'ono, koma pogwira ntchito imadya pakati pa mawati 5 ndi 10.

(d) *Mayunitsi*, omwe aja ogula ku ESCOM. Amasonyeza magetsi amene adyedwa pa nthawi yakutiyakuti. Yunitsi imodzi ndi mawati 1,000 kwa ola limodzi, kotero disiki ya mawati 8 imatha yunitsi imodzi m'maola 125.

Mphunzitsi wa m'chigwa safunika kupita kutali kuti apeze fanizo. Shire pa Chiromo ali ndi madzi ambiri koma alibe pogwera: imeneyo ndi karenti yambiri, voteji yochepa. Kamtsinje kotsika m'mapiri a Thyolo m'chilimwe kamagwa patali koma madzi ake ngochepa: imeneyo ndi voteji yambiri, karenti yochepa. Pa Kapichira pali madzi ambiri ndi pogwera patali, ndipo n'chifukwa chake makina adamangidwa pamenepo.

Mfundo yaikulu imene liwu loti mphamvu limakwirira ndi yakuti voteji ndi karenti zimachita zinthu mosiyana zikachuluka. Disiki imadzitengera yokha karenti imene ikufuna, ndipo adaputa yokhoza kupereka maampeya 5 siingawononge disiki yofuna maampeya 2. Voteji ilibe ulemu wotero. Ikaposa muyezo imalowa mokakamiza n'kutentha bolodi. Choncho funso loti "kodi adaputa yamphamvu kwambiri ingawononge disiki?" lili ndi mayankho awiri otsutsana, ndipo Chichewa chimene chimalembedwa kawirikawiri sichisiyanitsa mayankhowo.

Ziganizo zinayi zosocheretsa

Ziganizo zotsatirazi zikuimira mtundu wa malangizo amene amamveka m'kalasi ndi m'mashopu okonzera zipangizo. Galamala yake ilibe vuto, ndipo n'chifukwa chake mkonzi amazilola kudutsa.

*1. Disiki ikakana kudzuka, gwiritsani ntchito adaputa ya mphamvu zoposerapo.*

Mlembi wa chiganizo chotere mwina amatanthauza maampeya, ndipo akatero akunena zoona. Koma wowerenga amene ali ndi disiki yakunja ya mavoliti 12 amayang'ana patebulo, naona tchaja ya laputopu yolembedwa 19, nambala yoposa 12. Kamutu ka tchajayo nthawi zambiri kamalowa bwinobwino m'kabowo ka bokosi la disiki. Akangolumikiza, mavoliti 19 amalowa pamene pamafunika 12. Madisiki ambiri ali ndi kachitetezo kakang'ono pabolodi kamene kamadzipereka kupsa kuti zina zipulumuke, koma ngakhale zitatero disiki siidzukanso kufikira mmisiri ataikonza. Chiganizocho chiyenera kulembedwa motere: *Disiki ikakana kudzuka, pezani adaputa ya mavoliti omwewo, 12, koma ya maampeya ochulukirapo.*

*2. Disiki yakunja ingalumikizidwe ku batire la sola chifukwa zonse n'za mphamvu 12.*

Pano cholakwika n'chobisika kwambiri, ndipo chimakhudza midzi ya m'chigwa kumene sola ndiye gwero la magetsi. Nambala 12 yolembedwa pa batire ndi dzina chabe la gulu lake. Batire la mtovu likadzaza n'kupuma limaonetsa mavoliti 12.6 kapena 12.7; likamatchajidwa dzuwa lili paliwombo limafika mavoliti 14.4, likatopa usiku limatsika kufika pa 11 kapena kucheperapo. Opanga madisiki ambiri amalola kusiyana kwa gawo limodzi mwa magawo khumi pa waya wa mavoliti 12, ndiye kuti kuyambira 10.8 kulekeza 13.2. Batire la masana limaposa malire a pamwamba, ndipo la m'bandakucha lingathe kutsika kupyola a pansi. Pamafunika kachipangizo kosunga voteji pamalo amodzi pakati pa batire ndi disiki. Mlembi akalemba kuti "mphamvu 12" wabisa zonsezi, pamene akadalemba kuti "mavoliti 12 osasinthasintha" wowerenga akadafunsa.

*3. Disiki yaing'ono imadya mphamvu zochepa, choncho imagwira pa USB iliyonse.*

Mbali yoyamba ya chiganizochi njoona: disiki ya mainchesi 2.5 ikamagwira ntchito imadya mawati awiri kapena atatu. Mawu oti *choncho* ndiwo akunama, popeza mlembi waiwala nthawi yodzuka. Anthu okhala pafupi ndi chigayo cha magetsi amadziwa kuti chigayo chikamalizidwa mababu a m'nyumba zoyandikana amachita ngati akufuna kuzima, kenaka n'kuwalanso chikayamba kuthamanga. Mota iliyonse imatero, ndipo ya m'disiki nayo podzuka ingakoke karenti yofika pafupi ndi ampeya imodzi. Kabowo ka USB 2.0 kamalonjeza maampeya 0.5 okha, pamene ka USB 3.0 kamalonjeza 0.9. Disiki ikaperewera karenti imayamba kuzungulira, n'kulephera, n'kuyesanso, ikumveka kuti *tche, tche, tche*. Mwini wake amaganiza kuti yafa, chonsecho ikungofuna kabowo kena kapena waya wamfupi. Chichewa chili kale ndi mawu oyenera: *karenti yodzutsira* ndi *karenti yoyendetsera*.

*4. Magetsi akazima mwadzidzidzi disiki imapsa.*

Chiganizo ichi chimachenjeza za ngozi imene ilipodi, koma chimalozera kolakwika. Magetsi akazima, mbale zimapitiriza kuzungulira kwa kanthawi, ndipo mota imasanduka kajenereta kamene kamapereka magetsi okwanira kubweza kamutu kumalo ake opumira. Madisiki a masiku ano adapangidwa motero, ndipo kuzima pakokha sikutentha kanthu. Chimene chimatayika ndi zolemba zimene zinali paulendo, zisanakhazikike pa mbale. Fayilo imene imalembedwa pa nthawiyo imaduka pakati, ndipo nthawi zina ndandanda yosonyeza pamene mafayilo ali imasokonezeka. Kupsa kumadza magetsi akamabwerera ndi voteji yolumpha, kapena mphenzi ikagwera pa mawaya, kapena jenereta ikamathamanga mosalongosoka. Ngozi ziwirizi zili ndi mankhwala osiyana. Yoyamba imafuna UPS, batire logwirizira kompyuta kwa mphindi zingapo kuti munthu asunge ntchito n'kuzimitsa bwino. Yachiwiri imafuna chotchinga voteji yolumpha, kapena kungozula pulagi kukhoma magetsi akazima n'kudikira kuti akhazikike akabwera. Mlembi wophatikiza ziwirizi amachititsa wowerenga kugula mankhwala a nthenda ina.

Kalembedwe ka miyezo

Malamulo a kalembedwe ka Chichewa a 1990 adatuluka makompyuta asanafale, komabe njira imene Chichewa chimalandirira mawu obwereka njodziwika ndipo ikukwanira. Mayina atatu a miyezoyi adachokera ku mayina a anthu: Alessandro Volta wa ku Italy, André-Marie Ampère wa ku France ndi James Watt wa ku Scotland. Lililonse mwa atatuwa lili ndi msampha wake likalowa m'Chichewa.

Loyamba ena amalilemba kuti *mavoti*. Kuchokera pa referendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, Mmalawi aliyense amadziwa mavoti kuti ndi a m'bokosi loponyera chisankho, ndipo mutu wa nkhani woti "mavoti 230" ungaseketse anthu. Ena amalemba *mavoteji 12*, kusakaniza chinthu choyezedwa ndi muyezo wake, monga munthu wonena kuti munda wake ngwa "mautali 50" m'malo mwa mamita 50. Chichewa chikakumana ndi *l* wotsatana ndi konsonanti ina chimaika vawelo pakati, monga mu *filimu* ndi *silika*. Potsata njira yomweyo, *voliti* ndi *mavoliti* ndiwo mawu osasokoneza.

Lachiwiri amisiri amalifupikitsa kuti *ampu*. Koma kwa aliyense amene adayendetsapo zokuzira mawu paukwati kapena kutchalitchi, ampu ndi bokosi lokuzira mawu lija. Polemba ndi bwino kusunga liwu lathunthu, *ampeya* ndi *maampeya*. Lachitatu, *wati*, limafanana ndi mneni wa m'chiganizo choti "wati chiyani?", koma popeza kawirikawiri limabwera m'zambiri, *mawati*, ndiponso limatsatana ndi nambala, silivuta.

Mphatikiram'mbuyo *ma-* alembedwe mophatikiza monga mu *mabuku* ndi *maofesi*. Kulemba *ma* payekha kutsogolo kwa liwu la Chingerezi lokhala kale ndi *s* wosonyeza zambiri ndi kusonyeza kuchuluka kawiri m'ziyankhulo ziwiri. Liwu loti *mayunitsi* lidalowa motero ndipo lidakhazikika, kotero lisiyidwe momwe lilili, koma lisakhale chitsanzo cha mawu atsopano.

Zizindikiro V, A ndi W sizimasuliridwa ndipo sizisinthidwa, chifukwa ndi zomwe wowerenga adzazipeze pa chikalata chomatidwa pa disiki ndi pa adaputa. Mkonzi asamale kwambiri ndi chilembo *m*. Chaching'ono chimatanthauza gawo limodzi mwa magawo 1,000, kotero 500 mA ndi theka la ampeya. Chachikulu chimatanthauza miliyoni, monga mu MW wa ku Kapichira. Chizolowezi cholemba mitu yonse m'zilembo zazikulu chimasandutsa karenti ya kabowo ka USB kukhala yoposa ya dziko lonse.

Olemba za ku Nsanje akumbukirenso kuti katundu wina amalowa kudzera pa Marka kuchokera ku Mozambique, kumene amalemba mpatuliro pamene Amalawi amaika kadontho. Adaputa yolembedwa 2,5 A ndi ya maampeya awiri ndi theka. Mpatuliro wa mu 5,400 ndi wa mtundu wina, wolekanitsa zikwi. Buku la ana a m'chigwa liyenera kufotokoza zimenezi ngakhale m'mzere umodzi.

Pali kusiyana kwinanso kumene anthu wamba adakupezera kale mawu. Magetsi a pakhoma m'Malawi ndi a mavoliti 230, ndipo amapita n'kubwerera ka 50 pa sekondi. Disiki imafuna magetsi oyenda mbali imodzi. Bokosi la m'kompyuta limene amisiri amalitcha pawa sapulayi ndilo limasintha oyambawo kukhala achiwiriwa, n'kuwatumiza pa waya wachikasu wa mavoliti 12 ndi wofiira wa mavoliti 5. Anthu amati *magetsi a ESCOM* ndi *magetsi a batire*, ndipo mawuwa ngomveka kufikira inveta italowa m'nyumba, pakuti inveta imatenga a batire n'kuwasandutsa onga a ESCOM. Polemba, *magetsi obwererabwerera* ndi *magetsi a mbali imodzi* ndiwo mawu osagwa, ndipo zizindikiro AC ndi DC ziikidwe pambali pake.

Dzina la chipangizo

Okonda Chichewa chopanda mawu obwereka angafunse chifukwa chake nkhani ino ikulemba kuti *hadi disiki*. Funsolo nloyenera, ndipo mayankho amene amaperekedwa kawirikawiri akufunika kuyesedwa.

Ena amamasulira liwu ndi liwu kuti *chimbale cholimba*. Hadi disiki yoyamba idatulutsidwa ndi kampani ya IBM mu 1956, ndipo inali ndi mbale 50 za mainchesi 24 zosunga zilembo pafupifupi 5 miliyoni. Liwu la Chingerezi lotanthauza kulimba lidadziwika pambuyo pake, posiyanitsa mbale zosapindika ndi timadisiki topindika timene tidabwera mu 1971 ndipo lero sitigwiritsidwanso ntchito kwenikweni. Kwa Mchewa, *cholimba* ndi chinthu chosasweka, choti chingagwe pa njinga ya kabaza n'kutoledwa chili bwino. Hadi disiki ndi chipangizo chosachedwa kuwonongeka, makamaka ikagwedezeka mbale zili kuzungulira. Dzina limene limaphunzitsa zosiyana ndi zoona nloipa kuposa dzina lachilendo.

Ena amati *ubongo wa kompyuta*, koma disiki siwerengera kapena kuganiza kanthu. Ntchito imeneyo nja purosesa. *Nkhokwe* ndi fanizo labwino pofotokozera ntchito yake, ndipo mphunzitsi aligwiritse ntchito, pokumbukira kuti nkhokwe siizungulira ndipo siifuna magetsi potsegula. Liwu loti *mbale* nloyenera pa zozungulira za mkatimo, popeza anthu adazolowera mbale za galamafoni. Koma fanizolo lisafike pa *singano*, chifukwa singano ya galamafoni imagwira ntchito pokhudza mbale, pamene kamutu ka disiki kakakhudza mbale imakandika.

Mawu obwereka ali ndi ubwino wina m'chigwa cha ziyankhulo zingapo. Mwana wa ku Makhanga amene amalankhula Chisena kunyumba, Chichewa pabwalo la sukulu ndi Chingerezi pamayeso, adzamva *hadi disiki* ndi *voteji* m'ziyankhulo zonse zitatu, ndiponso adzazipeza kwa mmisiri wa pamsika. Liwu lopekedwa muofesi limamuwonjezera katundu wachinayi. Chichewa chenicheni chigwire ntchito pamene chili ndi luso losowa kwina, ndiye kuti pa aneni ofotokoza zimene zikuchitika.

"Yapsa" ndi "yatentha"

Pa aneni pomwepo ndi pamene olemba amaonetsa ulesi waukulu. Chipangizo chilichonse cha magetsi chikaleka kugwira ntchito amati *chapsa*. Pa hadi disiki liwu limeneli limaweruza mlandu usanazengedwe, popeza chinthu chopsa chimatayidwa. Chichewa chingathe kusiyanitsa motere:

*Yapsa bolodi*: voteji yolakwika yatentha timawaya ta kunja. Mbale za mkati zikadali ndi zolemba zonse, ndipo mmisiri wodziwa angathe kuzipulumutsa.

*Ikukana kudzuka*: mwina karenti yodzutsira ikuperewera. Disiki ingakhale ili bwinobwino.

*Yakandika*: kamutu kakhudza mbale. Kupitiriza kuiyatsa kumakulitsa bala.

*Zolemba zasokonezeka*: magetsi adazima ikulemba. Chipangizocho chilibe vuto.

*Yanyowa*: madzi alowa. Madisiki ambiri ali ndi kabowo kopumira kotchingidwa ndi sefa, ndipo madzi a matope onga a mu 2015 ndi 2023 angathe kulowa. Disiki yotere isayatsidwe "pofuna kuona ngati ikugwira", chifukwa mchenga ungapale mbale pa kuzungulira koyamba.

Liwu loti *kutentha* nalo lili ndi matanthauzo atatu oyandikana: kunja kukutentha, disiki ikutentha, ndipo wina watentha disiki. Disiki yogwira ntchito imafunda nthawi zonse, pakuti mawati amene imadya amathera m'kufunda komweko. Opanga ambiri amaika malire pa madigiri 55 kapena 60. M'chipinda cha malata ku Ngabu mu Novembala, mpweya wolowa m'kompyuta umakhala uli kale pa madigiri 40, ndipo fumbi likatseka fani mpata wotsala ngwochepa. Langizo loti "isatenthe kwambiri" silithandiza munthu wokhala kumalo kumene chilichonse chimatentha kwambiri. Mlembi alembe nambala, ndipo asiyanitse *kufunda* kwa nthawi zonse, *kutentha kopyola malire* ndi *kupsa*.

Zoyenera kutsata

Akuluakulu adati safunsa adadya phula, koma munthu sangafunse za kusiyana kumene chiyankhulo cholembedwa chamubisira. Udindo uli pa amene amalemba, amene amakonza ndi amene amaphunzitsa.

Mlembi asunge liwu loti *mphamvu* pa mawati okha akamalemba malangizo a zamagetsi, ndipo pena ponse alembe *voteji*, *karenti* kapena *mayunitsi*. Nambala iliyonse iyende ndi muyezo wake. Womasulira asadalire dikishonale yokha pa mawu amenewa. Atenge adaputa m'manja, awerenge chikalata chake, ndipo afunse mmisiri wa pa Nchalo kapena pa Bangula liwu limene amagwiritsa ntchito. Mphunzitsi ayambe ndi Shire wa pa Chiromo ndi wa pa Kapichira, kenaka aonetse ana chikalata cha disiki yeniyeni, pamene 5 V ndi 12 V zalembedwa padera, iliyonse ndi maampeya ake.

Mkonzi ali ndi chida chapafupi kuposa onse. Akapeza liwu loti mphamvu m'nkhani ya magetsi, alembe m'mphepete mwa tsamba funso loti "V, A, W kapena mayunitsi?" n'kubweza tsambalo kwa mlembi. Mlembi akayankha, yankholo lilowe m'malo mwa liwulo. Akalephera kuyankha, chiganizocho chisapite kosindikiza.